Bokosi Langa Linali Lalifupi

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhala ndikuyang'ana mchira wa dziko lapansi ndili kumudzi kwathu, kuseri kwa Namitambo, ndipo mpaka lero maso anga sanabwerere m'chimake. Ndikati mchira anthu amaseka, ena amandiyang'ana ngati sukulu inandizunguza mutu. Ndiye ndifotokoze msanga tisanapite patali, monga ndinkafotokozera ana anga a Fomu 3 Lachisanu masana, pamene theka la kalasi likuwodzera ndipo theka linalo mtima uli kale kunyumba.

Dziko lathuli ndi maginito wamkulu. Dzuwa nalo silingowala chabe, limatulutsa mphepo yake osapuma, mphepo ya tizinthu tating'onoting'ono tokhala ndi magetsi, imene timaitcha pulazima. Mphepoyo ikafika kuno imakankha mphamvu ya maginito ija. Mbali yoyang'ana kudzuwa imafinyika, mbali ya kumdima imakokeka n'kutalika ngati chitenje choyanika tsiku la mphepo, mpaka kupitirira mwezi. Umenewo ndiwo mchira, ndipo ndi maso sungauone. Nthawi zina m'kati mwa mchiramo zingwe za maginito zimakokeka mpaka kuduka n'kulumikizana mwina. Zikatero pulazima imaponyedwa mbali ziwiri, ina kuthawira kutali, ina kuthamangira kuno kudziko, makilomita mazanamazana pa sekondi imodzi. Imathamanga kwa mphindi zochepa, kenako zii. Ntchito yanga inali yofufuza chifukwa chake liwiro limeneli limabwera modukizadukiza chonchi.

Kumeneko palibe amene angapite ndi tepi kukayeza, ndiye timakumanga m'kompyuta. Umajambula bokosi, n'kuligawa m'tizipinda tambirimbiri. M'kachipinda kalikonse umaikamo manambala: pulazima ndi yochuluka bwanji, yatentha bwanji, maginito akuloza kuti. Ukatero umawapatsa makina malamulo a chilengedwe n'kuwasiya kuti awerengere chimene chichitike kamphindi kotsatira, ndi kotsatira, ndi kotsatiranso, masiku angapo osaima. Pamapeto umalandira kanema wa mitundu iwiri, chofiira chothamangira kudziko, chabuluu chothawira kutali. Kalaputopu kanga sikakanatha ntchito imeneyi, kakanapsa tsiku loyamba. Makina ake anali kutsidya kwa nyanja, a yunivesite imene inandilola kuphunzira digiri yachitatu, yomaliza ija, ndili kwathu konkuno ndikuphunzitsa. Wophunzira aliyense ankapatsidwa maola ake pamakinawo chaka ndi chaka, ngati feteleza wa makuponi: akatha atha, udikire chaka chamawa. Ndipo bokosi likakula, maola amapitanso ambiri.

Apa ndi pamene kaleredwe kanga kanandipweteka. Ine ndinakulira m'nyumba imene kamtengo kamodzi ka machesi kankang'ambidwa pakati ndi lezala. Sopo ankadulidwa panayi ndi ulusi, zidutswa zitatu n'kubisidwa kudenga. Kope la kusukulu ndinkalemba mpaka pachikuto, mbali zonse ziwiri. Kuno ku Chiradzulu minda ndi yaing'ono, munthu amalima mpaka pakhomo pa chimbudzi, ndipo mumzere umodzi mumakhala chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe, chinangwa chili m'mphepete. Malo ongokhala osadzalapo kanthu timawaona ngati tchimo. Ndiye nditaona anzanga akunja akujambula mabokosi aatali ngati esiteti ya Magomero ya kale ija, theka lake lopanda chochitika chilichonse, mtima unandiwawa ngati maola akuwonongawo ndi anga. Zimene ine ndinkafuna kuona zinkachitika kufupi ndi dziko. Kumapeto kwa mchira kunkangodutsa chabuluu chothawa chija, chopanda ntchito kwa ine. Ndinalifupikitsa bokosi langa, khoma la kumapeto n'kulikokera pafupi. Khomalo silinali khoma lenileni, poti m'malamulo ndinalemba kuti chilichonse chofika pamenepo chizituluka osabwerera, ndipo ndinakhulupirira kuti kulemba n'kokwanira.

Maola amene anzanga ankayendetsera makina kawiri, ine ndinkayendetsera kasanu ndi kamodzi. Ndinadzitama, ndisaname. Apulofesa amene ankandiyang'anira, mayi wachikulire wa imvi mbuu amene ndinkangomuona pafoni, anandilembera kuti sanaonepo wophunzira wosamala zinthu chonchi. Kalatayo ndinawamasulira amayi anga mawu ndi mawu, iwo n'kungoti, "Nanga akanakhala wowononga akanakhala mwana wa ndani?"

Amayiwo ndi amene anasenza sukulu yangayi, ngakhale dzina lawo silinalembedwe papepala lililonse. Bambo a ana anga anapita ku Joni chaka chachiwiri cha maphunzirowa, mafoni n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Ine Lolemba mpaka Lachisanu ndinali kusekondale yoyendera, kuphunzitsa fizikisi m'kalasi yopanda ngakhale maginito mmodzi woonetsa ana. Ndikaweruka ndinkachonga makope, zotsala za tsikulo n'kuwerenga. Loweruka, tsiku limene mkazi aliyense wa m'mudzi muno ali kumunda kapena kuchapa, ine ndinkakwera kabaza wa ku Namitambo, laputopu nditaikulunga m'jumbo ndi m'chitenje. Netiweki yomveka inali kumeneko kokha, makamaka pakashopu ka mkulu wina wometa tsitsi, kamene kanali pafupi ndi chinsanja cha mafoni ndipo kanali ndi sola. Ndinkakhala pakampando pakona, tsitsi la anthu likundigwera m'mapazi, wailesi ikulira, fungo la pachiwaya likulowa pakhomo, ine ndikutumiza manambala kutsidya kwa nyanja. Nthawi yonseyo chigawo changa cha munda ankalima ndi amayi, pamwamba pa chawo. Ana anga awiri ankadya za m'manja mwawo, kusamba m'manja mwawo, kudwalira pamsana pawo. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi amene munda wawo uli kumunsi kwa wathu, ankakonda kundilonjera ndikamadutsa ndi katundu wanga. "Mwapitatu kuntchito ya mumthunzi, aphunzitsi? Mapanga awiri avumbwitsatu paja." Ndinkaseka nawo, m'mimba ndikutukwana.

Chaka chachitatu ndinapeza chinthu. Nthawi iliyonse chofiira chija chikathamangira kudziko n'kutha, pankabwera china pambuyo pake, chofooka pang'ono, patapita nthawi yofanana ndendende. Ndinasintha kutentha kwa pulazima, chinabwera. Ndinasintha kuchuluka kwake, nthawi inasuntha pang'ono koma chinabwerabe. Ndinafufuza zolemba za ena, palibe amene anachionapo m'bokosi lake. Koma masetilaiti amene amadutsa mumchira weniweniwo amaona ndithu liwiro lobwera motsatizana nthawi zina, ndiye ndinati ndagwira njakata imene akuluakulu inawazemba. Ndinkawatcha opondana, wamkulu ndi mng'ono wake. Tsiku limene ndinawaona koyamba ndinabwerera kunyumba wapansi, ulendo wonse uja, poti pakabaza sindikanatha kukhala phee. Ndinapeka chifukwa chake amabwera awiriawiri, chifukwa chomveka bwino, ndipo mitu itatu ya buku langa inamangidwa pamenepo.

Apulofesa anasangalala. Koma kumapeto kwa kalata yawo anawonjezera funso limodzi laling'ono: kodi ndayesapo kulisunthira kutali khoma la kumapeto lija, kuti ndione ngati mng'onoyo abwerabe? Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinangoona ngati akundikayikira poti ndine wa kumudzi. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndidzatero maola atsopano akabwera. Atabwera ndinawerengera n'kupeza kuti bokosi lalitali lidya maola a chaka chonse pa ulendo umodzi, kungoti ndione chinthu chimene ndikuchidziwa kale. Dzanja linakana. Chaka chotsatira anafunsanso, ine n'kulonjezanso. Kenako anayamba kudwaladwala, makalata awo anafupika, ndipo funsolo silinabwerenso. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero, ndipo ine mwambi umenewu ndinkawalalatira nawo ana a sukulu pafupifupi sabata iliyonse.

Chaka chachisanu ndi chiwiri yunivesite inalemba kuti yandipirira mokwanira. Buku lifike pofika kumapeto kwa Malichi, apo ayi dzina langa lichotsedwa. Apulofesa nawo anali kupuma pantchito chaka chomwecho. Maola amene ananditsalira anali okwana ntchito imodzi yaikulu basi, ndipo ndinali nditakonza kale kuti ndiyendetse bokosi langa lomwe lija koma ndi tizipinda tating'ono kwambiri, kuti zithunzi za mutu womaliza zituluke zokongola. Ndinawauza amayi kuti Malichi akatha ndamaliza. Anandifunsa kawiri kuti atsimikize mweziwo.

Mu Januwale munagwa chimvula cha m'mawa chimene chinatiletsa kuyamba maphunziro mpaka cha m'ma teni, poti pamalata palibe amene akanamva mnzake. Pobwerera masana, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope, ndinamva phokoso kumunsi kwa munda wathu. Anali amayi ndi amayi aang'ono, aima m'malire, aliyense manja m'chiuno. Amayi aang'ono anali ataunda chimzere chachikulu m'malire monsemo kuti madzi ochokera m'munda mwathu asamakokolole chimanga chawo. Madziwo atasowa kolowera anadikha, n'kubwerera m'mbuyo, mizere yathu inayi n'kumira, chimanga chikungooneka nsonga.

"Mvula yagwa kawiritu lero, achemwali," anatero amayi aang'ono. "Mumafuna ndikaigwire ndi dzanja?"

"Kawiri kuti, iwe?" amayi anakuwa. "Mvula yagwa kamodzi. Madzi awawa ndi omwe aja atsika m'mawa, agunda chimzere chakochi n'kubwerera. Usandipusitse ngati ndabwera dzulo pamudzi pano."

"Nde muzikumba mlambala wanu, osamangotayira anzanu madzi ngati kudzala."

Onse awiri anatembenukira kwa ine, munthu wophunzira, kuti ndiweruze. Koma ine maganizo anali atathamangira kale kukhoma la bokosi langa. Ndisaname kuti ndinatulukira chinthu chachilendo pamalire paja, ayi. Ndinkachidziwa kale, penapake pansi pa mtima pamene ndinkapewa kuyang'anapo, ndipo amayi anangochinena mokweza osadziwa kuti akunena ine. Ndinawasiya akukangana n'kulowa m'nyumba. Ndinatenga kope la mwana wina limene linali pamwamba pa mulu wa makope oti ndichonge, kumbuyo kwake n'kulemba mtunda wochokera pamene zingwe zimadukira kukafika pakhoma langa, kupita ndi kubwerera. Ndinagawa ndi liwiro limene funde limayendera mu pulazima. Yankho linatuluka pafupi kwambiri ndi nthawi imene mng'ono uja ankadikira asanabwere. Zinanditengera mphindi khumi, masamu oti mwini kopeyo akanawatha. Zaka zinayi ndinali ndikuwazemba.

Tanthauzo lake linali loti chabuluu chothawa chija chikafika pakhoma sichinkatuluka chonse. China chinkagunda n'kubwerera ngati funde, kudzagwedeza zingwe za maginito kuti zidukenso. Ngati zinali choncho, ndiye kuti mng'onoyo sanali wa kumwamba ayi, ndinamubala ndekha ndi kuumira kwanga. Koma masamu a kumbuyo kwa kope si umboni. Umboni unali umodzi wokha, womwe apulofesa anaupempha kalekale, ndipo unkafuna maola onse amene ananditsalira.

Masabata awiri ndinayenda nacho chinthu chimenechi. Ndinali wolusa ngati njuchi. Mwana wina anandifunsa m'kalasi ngati mchirawo uli ndi ubweya, funso limene masiku ena ndikanaseka nalo, koma ndinamutulutsa panja mvula ikugwa. Lamulungu kutchalitchi kwathu kwa Babatisti amayi ena a chigwirizano anaimirira kupempherera odwala, a mayeso ndi a paulendo, n'kuwonjezera "mwana wathu amene akumaliza sukulu yaikulu." Anthu anati ameni mwamphamvu. Amayi anali pafupi nane, maso atatseka, akugwedeza mutu.

Njira yosavuta inalipo, ndipo ndinaiyang'anitsitsa. Ndikanayendetsa bokosi lalifupi lomwelo, zithunzi zikanatuluka zokongola, apulofesa otopa aja akanasaina, ndipo oyesa mwina sakanafunsa za khoma. Ndikanakonda kulemba pano kuti chilungamo ndi chimene chinandiletsa, koma si zoona zonse. Kwakukulu anali mantha, oti tsiku lina kamnyamata ka maola ambiri kadzabwereza ntchito yanga m'bokosi lalitali n'kundivula pagulu. Kwinako kunali kutopa. Kudziwa chinthu n'kumachita ngati sukuchidziwa ndi ntchito yolemetsa kuposa kuphunzitsa makalasi anayi, ndipo ine mphamvu zoigwirira zinali zitanditheratu.

Loweruka lachiwiri ndinafika ku Namitambo ndili matope mpaka m'mawondo, poti wakabaza ananditsitsa kawiri kuti tikankhe. Ometa aja anandiyang'ana pagalasi, makina ali pamutu pa munthu.

"Lero nkhope yagwa bwanji, amadamu? Kunyumba n'kwabwino?"

"N'kwabwino, achimwene. Ndi mvulayi."

"Mvula imeneyi itimaliza. Khalani, batire ladzadza."

Chofunika kusintha chinali nambala imodzi yokha, ya kutalika kwa bokosi. Ndinaifufuta n'kulemba ina yoposa katatu. Ndinakhala ndikuiyang'ana mpaka anthu awiri anametedwa n'kutuluka. Kenako ndinatumiza, ndipo maola anga onse anapita nayo.

Makina aja sayamba ntchito yako pomwepo. Umaima pamzere ngati kuchipatala, ndipo ntchito yaikulu imadikira kuposa zazing'ono. Yanga inadikira masiku khumi ndi limodzi, n'kuyenda masiku anayi. Masiku onsewo ndinkaphunzitsa, kuchonga, kudya osamva kukoma. Amayi ndi amayi aang'ono anali osalankhulana, kenako mwamuna wa amayi aang'ono anabwera n'kudula kampata pachimzere paja, madzi n'kuphwa, koma chimanga cha mizere inayi ija chinakhala chachikasu mpaka mapeto. Amayi ankabandira okha, m'mawa ine ndikamapita kusukulu ali kale m'munda, pobwera n'kuwapeza ali momwemo. Ndinkawapatsa moni n'kudutsa mofulumira, poopa kuti andifunsa za sukulu.

Zotsatira ndinakazionera pakona yomwe ija, Loweruka lina la mu Febuluwale. Bandulo inali yochepa, ndiye ndinangokoka kakanema kakang'ono, kosaoneka bwino. Chofiira chinabwera monga mwa nthawi zonse, kuthamanga, kufika kufupi ndi dziko, kuchepa mphamvu, kutha. Ndinayang'ana kawotchi ka pakona pa kanemayo. Nthawi ya mng'ono inakwana, sanabwere. Inapitirira, sanabwere. Mchira unangokhala bata. Ndinapitirizabe kuonera, kaya ndinkayembekeza chiyani. Ndiye chakumapeto kwenikweni, patapita nthawi yotalika pafupifupi katatu, kanthu kofiirira kanatulukira, kofooka, kakudzikoka. Khoma ndinalisunthira kutali katatu, iye n'kuchedwanso katatu. Panalibenso chokambirana.

Sindinalire. Ndinkaganiza kuti ndilira, koma chimene ndinamva chinali tulo, tulo tolemera toti ndikanagona pansi pomwepo patsitsi la anthu. Ndinalembera apulofesa ndisanadzuke pampando, poti ndinkadzidziwa kuti ndikafika kunyumba ndiyamba kupeza zifukwa. Ndinawauza zonse, ndi kakanemako n'kuwatumizira.

Yankho lawo linalowa Lachiwiri ndili pabwalo la sukulu, pamene netiweki imagwira pang'ono ukaima pafupi ndi mtengo wa mbendera. Linali lachifundo, ndipo chifundocho chinandiwawa kuposa kukalipa. Anati nawonso ali ndi mlandu posiya kufunsa. Anati mitu itatu ija yagwa, ndipo zotsalazo sizingakwane digiri pofika Malichi. Koma analankhula ndi mnzawo wina wachinyamata wa pa yunivesite pomwepo, amene anavomera kunditenga kwa zaka zina ziwiri, ndi maola atsopano, kuti ndiyambirenso ndi bokosi lalitali. Anati ndiyankhe mwezi usanathe. Mtima unadumpha, ndisabise. Zaka ziwiri ndinaziona ngati kanthu kochepa.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusadzula nkhwani, miyendo atatambasula, lichero lili pamiyendo. Ana anali asanabwere kosewera. Ndinakhala pansi pafupi nawo ndisanavule n'komwe zovala za kusukulu.

"Amayi, za Malichi zija sizitheka."

Dzanja lawo linaima. "Asintha tsiku?"

"Ayi. Ndinalakwitsa muyezo kalekale. Zimene ndinkati ndapeza zija si zoona."

"Wakugwira ndani?"

"Palibe. Ndadzigwira ndekha."

"Azunguwo anadziwa?"

"Samadziwa. Ndawauza ine."

Anatenga tsamba lina, kulithyola kuphesi, kukoka ulusi wake mpaka kumapeto, kuliika m'lichero. "Ukanakhala chete, pepalalo akanakupatsa?"

"Mwina akanandipatsa."

"Nde unalankhuliranji?"

Ndinawayang'ana ndili kukamwa yasa. Awa ndi amayi amene asesa m'tchalitchi kuyambira ine ndisanabadwe, amene anandikwapulapo ndili mwana chifukwa chotola mango ogwa okha pansi pa mtengo wa eni. Iwonso anadzimva zimene anena, poti anagwira pakamwa ndi dzanja lobiriwira ndi masamba. "Ambuye andikhululukire," anatero chapansipansi. Koma sanabweze mawuwo.

Ine mkwiyo unandikwera. Ndinkafuna andiuze kuti ndachita bwino, poti panalibe wina aliyense woti andiuze. Ndinafulumira kutulutsa nkhani yabwino ija, mawu nditawakometsera ngati wogulitsa kaunjika. Ndinati sizinathere pomwepa, apeza munthu wina wondiyang'anira, andipatsa mwayi wina, zaka ziwiri zokha basi ndipo ulendo uno ndikudziwa pamene ndinaphonya. Ndinadikira kuti avomere monga ankachitira nthawi zonse.

"Zaka ziwiri," anatero amayi. Anayang'ana kumunda nthawi yaitali. "Mwanawe, ine ndatopa."

Anaika tsamba m'lichero n'kupitiriza.

"Sindikukuletsatu ayi. Sukulu ndi yako. Koma khasu lija likundilemera masiku ano. Ndikawerama m'mawa ndimayamba ndawerenga mizere yotsala, chinthu chimene sindinkachita. Dzanja ili usiku limachita dzanzi mpaka m'phewa. Chaka chino ndalimbikira poti unati Malichi. Ndimawerengatu miyezi ine, kuyambira tsiku lija unandiuza. Ndimati ikangokwana, chigawo chako ndikubwezera, ndipumeko."

Mawu oti ndatopa ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo, ngakhale pamaliro a bambo anga, ngakhale chaka cha njala chimene tinkadya deya. Ndinawayang'ana bwinobwino, mwina koyamba pa zaka zonsezo. Padzanja lamanja anali atamanga kansalu kothina, kakuda ndi dothi, kooneka kuti sikanamangidwe dzulo. Mapazi anali otupa, zala zakumanja zopindika. Ine amene ndikanatha kukuuzani kutentha kwa pulazima m'kachipinda kena kuseri kwa mwezi, sindinkadziwa kuti kansaluko anayamba liti kumanga. Manyazi amene ndinamva pakhonde paja anaposa a ku Namitambo aja kutalitali.

Ndinakoka lichero n'kuyamba kusadzula. Ndinkadula ulusi pakati, poti manja anali ataiwala. Amayi ankangondiyang'ana mpaka tinamaliza.

Kalata ndinaiyankha Loweruka lotsatira, mizere itatu. Ndinathokoza apulofesa ndi mnzawoyo, n'kunena kuti sinditha. Sindinafotokoze chifukwa, poti sindinkadziwa kuti munthu wa kutsidya kwa nyanja ndingamufotokozere bwanji za chigawo cha munda. Pobwera ndinawauza amayi kuti ndakana, ndikuganiza kuti apuma mtima. Anakhala pansi pamene anaima n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, mpaka amayi aang'ono anathamanga kuchokera kwawo chitenje chili m'manja, kuiwala kuti sakulankhulana.

"Ndamulepheretsa mwana ine," ankatero amayi. "Pakamwa pangapa. Ndikanangopirira."

Papita zaka tsopano. Ndikuphunzitsabe pasukulu yomweyo, chigawo changa ndimalima ndekha, ndipo chawo ndinatenganso. Laputopu ija inafa yokha, sindinaikonzetse. Ndawauza amayi kambirimbiri kuti sukulu ija ndinaigwetsa ndekha, chaka choyamba, tsiku limene ndinadula bokosi kuti ndisunge maola, iwo asanatope n'komwe. Ndawajambulira ngakhale pansi ndi kamtengo. Amamvetsera mwaulemu mpaka ndimalize, n'kugwedeza mutu, koma sakhulupirira. Akaganiza kuti sindikuwaona, amatenga khasu n'kulowera kumunda, ndipo ndimachita kukawalanda.